Mwana wanga akukwera mapiri a sinowo ku Norway, kodi ndimuletse?

Mwezi watha, poyankha funso la nsomba za m'madzi ozizira, ndinatchula mongodutsa kuti ndili kusukulu ku Norway ndinakwerako mapiri okutidwa ndi chipale chofewa, chimene ambiri timangoti sinowo. Sindinkadziwa kuti timawu tochepa timeneto tibweretsa makalata. Abwera ndithu, ndipo ndasankhapo anayi. Ndiyamba ndi imene yandigwira mtima.

FUNSO: Bambo, mwana wanga wamwamuna anapita kusukulu ku Tromsø, m'dziko la Norway, chaka chatha. Sabata yatha wanditumizira zithunzi pa WhatsApp ali pamwamba pa phiri loyera mbee, atamanga matabwa awiri kumapazi, ndodo ziwiri m'manja. Akuti anakwera wapansi maola anayi n'kutsika motsetsereka, ndipo pa Pasaka akufuna kukakwera lina lalitali kuposa pamenepo. Ine sindikupeza tulo. Mwanayu anakulira pamchenga wa ku Linga, mapiri ankangowaonera pawindo la basi. Bambo ake anatisiya, ndiye ndilibe womufunsa. Kodi ndimuletse?
Mayi wa ana anayi, Linga, Nkhotakota

YANKHO: Amayi, pepani ndi nkhawa imene muli nayo. Ine kwathu ndi ku Chia, ngakhale panopa ndikukhala ku Senga Bay kuno ku Salima, ndiye mchenga umene mwana wanu anakulirapo ndikuudziwa. Tauni imene aliyo ndikuidziwanso, chifukwa ndinakhalamo zaka ziwiri ndikuphunzira za kayendetsedwe ka usodzi. Ndikuyankhani ngati mlongo wanu, ndipo sindikubisirani kanthu.

Musamuletse. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, komanso mukamuletsa ali kutali chonchi sasiya kukwera, angosiya kukuuzani. Koma musamulekererenso. Pali mafunso oti mumufunse, ndipo kuti muwafunse bwino muyenera kudziwa kaye chimene chimapha anthu m'mapiri amenewo.

Tromsø ili kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale dzuwa silituluka n'komwe. Masana kumangoyera pang'ono ngati m'bandakucha, kenako mdima wabwereranso. Ndiye taganizani mmene anthu otere amachitira dzuwa likabwerera. Pofika pakati pa Epulo limawala pafupifupi maola 16 pa tsiku, kuzizira kwayamba kuchepa, koma sinowo ndi pamene waunjikana kwambiri. Pa 29 Epulo 1997 anafika masentimita 240 m'tauni momwemo, kupitirira chitseko cha nyumba yanu. Pa Pasaka masukulu ndi maofesi amatseka, anthu amathamangira kumapiri atanyamula malalanje ndi chokoleti chawo chotchedwa Kvikk Lunsj, ana ang'onoang'ono ndi agogo omwe. Mwana wanu akanatsala yekha m'chipinda masiku amenewo, ndikanamudandaula kwambiri. Ine ndinaona kusungulumwa kukufooketsa anzanga ochokera kuno kuposa kuzizira. Ngati wapeza anthu omuitana kuphiri, wapeza abale.

Choopsa si kuterereka n'kugwa ayi. Aliyense amagwa, amadzuka, nthawi zina bondo limabinya, basi. Choopsa ndi chimene eni dziko amati snøskred. Ife tili nalo dzina lake, ndi napolo. Amene anaona za ku Phalombe mu 1991, kapena phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, akudziwa kuti phiri likayamba kutsika silidikira munthu. Napolo wa sinowo amatha kuthamanga kuposa makilomita 100 pa ola. Koma pali kusiyana kumodzi kumene ndikufuna mukugwiritse. Napolo wathu amabwera ndi mvula n'kukupeza uli m'nyumba mwako. Wa sinowo, nthawi zambiri amadzutsidwa ndi munthu. Pa ngozi 10 zopha anthu, pafupifupi 9 amayambitsa ndi wokwiririkayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo. Mawu amenewa ndi owawa, komanso ndi amene ayenera kukukhazikani mtima pansi, chifukwa munthu wodziwa poponda ndi nthawi yopondera amaichepetsa kwambiri ngoziyo.

Sinowo sagwa tsiku limodzi. Agwa lero, mphepo imupanikiza, kubwera masiku ozizira koopsa, wina agwanso pamwamba pake, mpaka paphiri pamakhala zigawo zosanjikizana ngati nsalu zopindidwa m'sutikesi. Zina zimagwirana, zina ayi, ndipo ukayang'ana pamwamba zonse zimangooneka zoyera bwino.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Linali Loweruka la mu Epulo, chaka changa chachiwiri. Mnzanga wa m'kalasi, mwana wa msodzi ngati ine, ananditenga kukakwera phiri lina pachilumba cha Kvaløya, kutsidya kwa tauni. Tinali atatu. Tinasiya galimoto pamsewu 6 koloko m'mawa, sinowo ali gwa, akulira kuti kwee kwee pansi pa ma ski, matabwa aja omanga kumapazi. Patatha maola atatu nsonga inali pafupi, mtunda ngati wa mabwalo a mpira atatu. Titangolowa pamalo pamene mphepo inaunjika sinowo watsopano, pansi panalira kuti buu, ngati wina wagwetsa thumba la chimanga m'chipinda china, ndipo ndinamva mapazi anga akutitimira pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa chala. Mng'alu wopyapyala unathamanga kuchokera kunsonga ya ski yanga n'kukathera patsogolo apo. Mnzangayo anaima nji. Sanakuwe. Anangonena motsitsa mawu kuti tibwerere modutsa momwe tadzeramo, mmodzimmodzi, motalikirana.

Titafika pamalo osapendekeka anatulutsa fosholo, anakumba dzenje lofika m'chiuno, n'kusalaza khoma lake ngati mayi akuzira nyumba. Anandiuza kuti ndivule gulovu ndiyambe kubaya ndi chala kuchokera pamwamba. Chigawo choyamba, chotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, chinali cholimba, chala chimalowa movutikira. M'munsi mwake chala chinangolowa chokha. Nditatapa m'manja zinali ngati shuga wa ku Dwangwa, timibulu tosagwirana, tongoyoyoka pakati pa zala. Chibuma cholemera chija chinakhala pamwamba pa shuga ameneyu, ndipo kulira kuja kunali shugayo akuphwanyika pansi pathu. Pakanakhala popendekeka kwambiri, chonsecho chikanasuntha nthawi imodzi ngati lata lotsetsereka padenga, ife tili pamwamba pake.

Ndinakhumudwa, sindinama. Zida ndinachita kubwereka, ndinadzuka usiku, miyendo inali itaphwanya, nsonga ndi iyo ikuoneka. Koma potsika ndinakumbukira bambo anga. Iwo anali siginala, woyang'anira nyali ndi kutsogolera asodzi posaka usipa usiku. Usiku wina wa mu Juni parafini tinali titatenga kale pa ngongole, nyali zayatsidwa, mabwato a anzathu akulowera kunyanja kukasaka usipa. Bambo anaima m'madzi ofika m'mawondo, anayang'ana kum'mwera kwa nthawi, n'kunena kuti, "Zimitsani nyali, lero tigona kumudzi." Anyamata anang'ung'udza. Pakati pa usiku mwera unagunda, ndipo amene anapita anakocheza kutali m'mawa, ena ukonde atausiya m'madzi. Mnzanga wa ku Norway uja ndi bambo anga sanaonanepo, chilankhulo chawo n'chosiyana, koma kaimidwe kawo kanali kamodzi. Anthu a ku Norway anafika pokulemba zimenezi m'malamulo awo a m'mapiri, amene anawayamba mu 1952 n'kuwalimbikitsa pambuyo pa Pasaka wa 1967 pamene anthu 18 anafera m'mapiri. Lamulo limodzi limati "Vend i tide, det er ingen skam å snu", kutanthauza kuti bwerera nthawi ikadalipo, kubwerera si chamanyazi. Mwana wa ku Linga lamulo limeneli si lachilendo kwa iye. Analiona pagombe.

Tsono mukamuimbira, musayambe ndi "usapite". Yambani ndi kumufunsa kuti akupita ndi yani. Akakuuzani kuti ndi anzake ogona nawo amene nawonso ayamba chaka chino, apo mukanize ndithu, ndipo mumuuze kuti amalume ake a ku Senga Bay akana. M'gulumo muyenera kukhala munthu amene wakwera mapiri amenewo zaka zambiri, amene anabwererapo panjira. Mumufunsenso ngati iye mwini wachita maphunziro a napolo, amene kumeneko amati skredkurs. Amatenga masiku ochepa, ndipo bungwe la oyenda m'mapiri la DNT, lomwe linayamba mu 1868, limawachititsa kudzera m'nthambi zake, kuphatikizapo ya Troms Turlag ya m'tauni mwakemo. Ngati ndalama ya m'thumba ikuchepa, iyi ndi imodzi yoti abale musonkherane.

Kenako mumufunse nambala ya tsikulo. Nthawi yathu kunalibe zimenezi, koma kuyambira 2013 boma la Norway limalengeza chenjezo la napolo tsiku lililonse la nyengo ya sinowo pa intaneti, pa tsamba lotchedwa Varsom, dera ndi dera. Nambala zake ndi 1 mpaka 5. Pa 4 ndi 5 anthu anzeru amakhala kunyumba. Nambala yonyenga ndi 3, chifukwa kunja kumatha kukhala kowala bwino, phiri likuitana, ndipo anthu ambiri amafa pa nambala imeneyi. Munthu woyamba kumene ngati mwana wanu, kaya ndi 2 kaya ndi 3, aziyenda pamalo opendekeka osafika madigiri 30. Napolo ambiri amayambira pakati pa madigiri 30 ndi 45, kupendekeka ngati kwa denga la nyumba ya udzu. Asamayendenso m'munsi mwa malo otere, chifukwa denga likagwa limagwera amene ali pakhonde. Mapu a pafoni a Varsom amapaka utoto malo opendekekawo, ndiye palibe chifukwa choganizira chabe. Mapiri ambiri ozungulira Tromsø ali ndi njira zofatsa. Lalitali looneka m'tauni, Tromsdalstinden, la mamita 1,238, komanso mapiri osongoka a ku Lyngen, alekere chaka china.

Funso lina ndi la zinthu zitatu zimene aliyense m'gulu ayenera kunyamula. Choyamba ndi kachipangizo konga foni yaing'ono kamene amamangirira pachifuwa m'kati mwa jekete. Kamatumiza chizindikiro nthawi zonse, ndipo wina akakwiririka anzake amatembenuza tawo kuti tiyambe kusaka. Chachiwiri ndi ndodo yopinda yotalika mamita awiri ndi theka kapena atatu, yobayira mu sinowo mpaka igunde munthu. Chachitatu ndi fosholo yachitsulo. Chifukwa chake n'chakuti sinowo wa napolo akaima amalimba ngati simenti, wokwiririka sangasunthe ngakhale chala, ndipo mpweya umamuthera msanga. Wofukulidwa mphindi 15 zisanathe, kawirikawiri amapezeka wamoyo. Ikadutsa theka la ola, ambiri amakhala atatisiya. Ndege yopulumutsa anthu singafike m'nthawi imeneyo, amene angamupulumutse ndi anzake omwewo. N'chifukwa chake ndinayamba ndi funso la anzake. Ndipo zida zisamupatse mtima woti tsopano akhoza kuponda paliponse. Pa 2 Januwale 2019 anthu anayi, atatu a ku Finland ndi mmodzi wa ku Sweden, anafera limodzi pa napolo ku Tamokdalen, m'chigawo chomwecho cha Troms. Ndalemba zimenezi osati kuti ndikuopsezeni, koma kuti mwanayo akaseka mafunso anu mukhale ndi pomuyankhira.

Chomaliza, mumufunse nthawi yonyamukira. Nyengo ya Pasaka kumeneko dzuwa limakhala litayamba kutentha, sinowo wa mbali yoyang'ana dzuwa amasungunuka masana n'kuundananso usiku. M'mawa amakhala wolimba, wodalirika. Dzuwa likakwera, kachigawo kapamwamba kamafewa pang'ono, ndipo ndiyo nthawi yokoma kutsika. Likapendeka, madzi amalowa m'kati, sinowo amalemera ngati phala, nsapato imatitimira mpaka m'bondo, ndipo amayamba kugumuka yekha. Usiku ukakhala wa mitambo ndi wofunda, osaundana, ulendo wa tsikulo wafa. Vuto la kumayambiriro kwa nyengoyi n'loti zoopsa zili ziwiri, mbali ya dzuwa kuli phala lija, mbali ya mthunzi shuga uja adakalipo. Mwana akakuuzani kuti anyamuka 11 koloko akadya kaye, dziwani kuti gululo silinakhwime.

Za zovala akudziwa kale ngati wadutsa miyezi ya mdima ija. Mungomukumbutsa kuti m'kati avale zaubweya, osati zathonje, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limazizira pathupi. Magalasi a dzuwa asaiwale. Sinowo amabweza kuwala ngati galasi, maso amapsa, usiku wake umamva ngati mwalowa mchenga. Khungu lathu lakudali nalonso limapsa, makamaka milomo ndi kunsi kwa mphuno. Asiye uthenga kwa wina wotsala m'tauni wonena phiri limene apita ndi nthawi yobwerera, ndipo nambala yoimba pangozi ndi 112.

Akakuyankhani zonsezi mosazengereza, mumupemphe kuti akatsika akutumizireni uthenga, inu mugone.

FUNSO: Bambo, ndili Fomu 3. Aphunzitsi athu a Fizikisi amati chinthu choterera chikaikidwa potsetsereka chimatsika. Nanga anthu amakwera bwanji phiri atavala matabwa opangidwira kuterereka? Bwanji osangowanyamula paphewa n'kuyenda ndi nsapato?
Mtsikana wa sekondale, Chipoka, Salima

YANKHO: Mwana wanga, aphunzitsi ako akunena zoona, ndipo yankho lili m'khola la mbuzi kwanu. Pita ukasisite mbuzi kuchokera kumutu kupita kumchira. Dzanja lingoterereka. Kenako usisite chobwerera, kuchokera kumchira kupita kumutu. Ubweya udzuka n'kukana. Nzeru yonse yagona pamenepo.

Pokwera, kunsi kwa ski iliyonse amamata kansalu kaubweya kotalika ngati ski yomweyo, ubweya wake utagonera kumbuyo. Ukakankha phazi kutsogolo, ubweya umagona, ski imaterereka. Ukaliponda kuti ukoke linalo, ubweya umadzuka n'kuluma sinowo, ski siibwerera. Kale ankagwiritsa ntchito zikopa zenizeni za nyama, makamaka za nyama ya m'nyanja yotchedwa seal, n'chifukwa chake mpaka lero amangozitchula kuti zikopa. Anthu akale a kumpoto kwa Ulaya anali ndi ma ski osiyana, ina yaitali yotererekera, ina yaifupi yokutidwa ndi chikopa yokankhira. Masiku ano zikopazo amapanga ndi nayiloni kapena ubweya wa mbuzi za mtundu wa Angora, ndipo mbali yaikulu ya ubweya umenewu padziko lonse imachokera ku South Africa ndi Lesotho. Zinandisangalatsa nditamva kuti chimene chikundikweza phiri la ku Norway chikhoza kukhala chochokera pamsana pa mbuzi ya kuno kum'mwera kwa Africa.

Chinsinsi chachiwiri chili pachidendene. Pokwera, nsapato imagwidwa kuzala kokha, chidendene chimanyamuka momasuka ngati wavala patapata. Ski siuinyamula, umangoikoka pansi. Pakakhala pokwera kwambiri pali kachitsulo kamene umadzutsa ndi ndodo kuti chidendene chiziponda pamwamba, msana wa mwendo usamakokeke. Ndipo phiri salilunjika. Amayenda mokhotakhota ngati msewu wa Golomoti, ndipo pokhota pamafunika luso: umaima ndi mwendo umodzi, kunyamula ski inayo n'kuitembenuza kuti iyang'ane kumene ukupita, kenako inzake itsatire. Sinowo akaundana kwambiri moti ubweya sukugwira, amawonjezera timano tachitsulo pansi pa nsapato. Munthu wamphamvu zake amakwera mamita 300 kapena 400 pa ola, kuwerengera kutalika kopita m'mwamba.

Pansonga umamatula zikopa, kuzipinda guluu kwa guluu, n'kuziika m'kati mwa jekete kuti zisazizire, chifukwa guluu wozizira sagwiranso. Umakhoma chidendene, kumanga nsapato zolimba, ndipo ski yabwerera kukhala yoterera monga aphunzitsi ako ananenera.

Za kuyenda ndi nsapato, ndinayesapo kuvula ma ski pa sinowo wofewa ndipo ndinatitimira mpaka m'ntchafu. Afunse aphunzitsi omwewo za kulemera ndi kukula kwa malo opondapo. Thupi lomwelo likagawidwa pa thabwa lalitali silimira, monga mmene thabwa loyalidwa pamatope a m'dambo la mpunga limakuwolotsera. Ndi ma ski amenewa Fridtjof Nansen ndi anzake asanu, awiri mwa iwo a mtundu wa Sami, anadutsa chilumba cha Greenland mu 1888.

FUNSO: Achimwene, kodi ku Mulanje kapena ku Nyika kulibe sinowo woti ifenso n'kuyesako? Anzanga amati ku Sapitwa madzi amaundana.
Wa kabaza, Kamuzu Road, Salima

YANKHO: Achimwene, anzanuwo sakunama. M'miyezi ya Juni ndi Julayi pamwamba pa Mulanje ndi ku Nyika kumagwa chisanu, udzu umayera m'mawa, ndipo madzi a m'timaenje ta m'miyala amatha kuundana. Koma chisanu si sinowo. Chisanu chimapangika pansi pomwepo usiku n'kutha dzuwa likatuluka. Sinowo amagwa kuchokera m'mitambo, ndipo kuti munthu atsetserekepo ayenera kuunjikana milungu yambiri osasungunuka. Ife nyengo yathu yozizira ndi yopanda mvula, ndipo ya mvula ndi yotentha, ndiye ziwirizi sizikumana.

Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 ndi theka pa mamita 1,000 aliwonse amene wakwera. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pali nyanja zamchere, Sapitwa ali pa 3,002. Tsiku limene kuno kwatentha madigiri 32, pamalo okwera ngati Sapitwa pangakhale cha m'ma 16. Pozizira ndithu, koma sinowo amafuna pafupi ndi 0. N'chifukwa chake m'chigawo chathu chino madzi oundana osatha ali pa mapiri aatali okha, Kilimanjaro wa mamita 5,895, Mount Kenya wa 5,199 ndi Rwenzori wa 5,109, ndipo konseko akunka nachepa.

Pafupi kwambiri poti mungavale ma ski ndi ku Afriski m'mapiri a Lesotho, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, kumene sinowo wina amachita kupanga ndi makina. Kukwera phiri ndi zikopa monga ndafotokozera, mu Africa muno kumachitika kwambiri ku Morocco, pa phiri la Toubkal la mamita 4,167. Miyendo yopalasa njinga tsiku lonse ngati yanuyo ikhoza kusiya anthu ambiri m'mbuyo kumeneko.

FUNSO: Mwanangu, mdzukulu wanga wandiwerengera nkhani yako. Ife tikakwera phiri timakatenga nkhuni, bowa kapena mankhwala, ena amakapemphera. Nanga azungu ako aja amakatenga chiyani pamwamba popanda ngakhale mtengo?
Agogo aakazi, Lifuwu, Salima

YANKHO: Agogo, zikomo pondikumbuka. Satengako kanthu. Amatsika chikwama chitapepuka kuposa mmene anakwerera, chifukwa tiyi ndi buledi zatha. Mayi anga anandifunsa funso lomweli nditabwerako, ndipo ndinasowa poyambira. Ndiyesa kukuuzani zimene ndinapezako ine.

Patatha milungu iwiri chibwererereni panjira paja, usiku unaundana bwino, tinapitanso paphiri lomwelo ndipo tinafika. Chimene chinandidabwitsa si kutalika, koma bata. Kwathu kuno ngakhale pakati pa usiku pamakhala chinachake chikulira, kaya mafunde, kaya achule, kaya galu wa kutsidya. Pamwamba paja panalibe tsamba loti ligwedezeke, panalibe kachilombo. Nditasiya kupuma mwawefuwefu ndinamva mtima wanga ukugunda m'makutu. Kumadzulo kunali nyanja yamchere yakuda bii, yopanda tsidya, kum'mawa mapiri oyera otsatizana mpaka kumene maso amalekera. Pansi penipeni ndinaona boti limodzi la asodzi likutuluka, kakang'ono ngati njere ya mpunga, likusiya mzere pamadzi. Inali miyezi imene nsomba ya cod imabwera kudzaswana m'mphepete mwa dzikolo, ndipo ndinadziwa kuti m'botimo muli anthu onunkha nsomba m'manja ngati abale anga a ku Chia. Ndinapemphera pamenepo, agogo, ndiye mwina sitikusiyana kwambiri ndi okapemphera kuphiri aja.

Mnzanga uja anakumba mpando mu sinowo ndi fosholo, tinayala zikwama n'kukhala moyang'ana dzuwa. Anasenda lalanje n'kuligawa patatu. Linali lozizira moti mano anachita dzanzi. Sitinakhalitse, chifukwa iye ankangoyang'ana wotchi ndi kubaya sinowo ndi ndodo kuti aone mmene wafewera. Atati nthawi yakwana tinamatula zikopa n'kuyamba kutsika mmodzimmodzi, wina akafika pamalo abwino n'kukweza ndodo kuti winayo anyamuke. Mtunda umene tinakwera maola anayi tinautsika mphindi 40, mphepo ikutulutsa misozi, sinowo akulira kuti shii pansi pa mapazi ngati bwato likukwera pamchenga. Tinafika pagalimoto 12 koloko isanakwane, madzi atayamba kuyenderera m'mphepete mwa msewu.